Mbalame Yofiira Pamimba

Ana inu, tabwerani kuno pakhonde. Magetsi azima, mafoni anu afa, ndiye lero mwakumbukira kuti muli ndi agogo. Palibe kanthu, ine sindisunga mangawa. Iwe Yankho, legeni ili m'thumba mwakoyo ndaiona kale. Ikhale momwemo, pumbwa ali mu mpapayamo ndi mlendo wanga. Tadala, tandisunthira mpandowu padzuwa, mawondo awa sakufunanso mthunzi.

Dzulo ndinakumvani mukuseka kukhitchini, mukuti agogo aamuna mutu unazungulira, amatha m'mawa wonse khosi lili m'mwamba kuyang'ana timbalame. Sekani ndithu. Agogo anu aakazi anayamba kuseka zimenezi amayi anu asanabadwe. Koma dziwani kuti mbalame inatsala pang'ono kundilowetsa m'ndende, ndende ya nthawi ya chipani chimodzi, yolowa osadziwa tsiku lotuluka. Ndikuuzani, koma musandithamangitse.

Kwathu ndi ku Ntcheu, mukudziwa. Nditamaliza maphunziro a zachipatala, boma linanditumiza ku Chitipa, kumapiri a Misuku. Anzanga atamva anandigwira dzanja ngati pamaliro, amvekere, "Walakwanji, achimwene?" Masiku amenewo ku Chitipa ankatumizako munthu wopalamula kapena wopanda womuyankhulira, ndipo ine ndinali wachiwiriyo. Sindinali dokotala wa madigiri ayi, ndinali medikolo asisitanti. Koma kumudzi aliyense wogwira jakisoni ndi adokotala, ndipo dzinalo sindinalikane.

Ulendo wakewo! Inu mumadandaula basi ikachedwa pang'ono pa depoti. Ife tinagona m'njira kangapo. Basi inatisiya ku Karonga, kenako tinakwera lole ya amalonda, agogo anu atakhala pa matumba a mchere, atakumbatira mbale zathu za ukwati. Pa Kapoka, pomwe msewu umapatukira kumapiri, tinadikira mpaka panatulukira lole ina yokatenga khofi. Msewu wake wokhotakhota ngati matumbo a nkhuku, uku phompho, uku mwala. Pena tinkatsika n'kumakankha. Agogo anu analira. Mukawafunsa lero akana, koma analira, ndinalipo.

Titafika pamwamba misozi inauma yokha. Ha, dziko lija! Nthochi paliponse, timitsinje tosaphwa chaka chonse, minda ya khofi yotsetsereka moti wolima amachita kuima chopendekeka. M'mawa nkhungu inkagona m'zigwa kuti mbuu, ife tili pamwamba pake. Anthu anatilandira ndi moni wawo wakuti "Mwaghona," ife kukamwa yasa, osadziwa choyankha. Mawu oyamba amene ndinaphunzira ndi "Ndagha," kuthokoza, chifukwa ndinkawafuna tsiku lililonse. Uyu wabwera ndi mkoko wa nthochi, uyu nyemba, uyu dzira limodzi atalimanga pansonga ya chitenje. Ndipo anatiphunzitsa mbalagha, nthochi zaziwisi zophika pamodzi ndi nyama. Zimene mumagula m'tauni muno, zokazinga m'mafuta akuda zija, musazitchule pafupi ndi ine.

Chipatala chake chinali chaching'ono, ine, namwino mmodzi yemwenso anali mzamba, basi. Jakisoni wa masiku ano mumabaya kamodzi n'kutaya. Wathu anali wagalasi, tinkamuwiritsa pa pulayimasi m'mawa uliwonse, singano ikabuntha n'kuinola pa kamwala. Fuliji inali ya palafini, yokwiya msanga kuposa mwana wakhanda. Chingwe chake ukachikweza pang'ono, utsi. Ukachitsitsa, yazima, katemera waonongeka. Ndinaisamala fuliji ija kuposa mmene ndinasamalira agogo anu, iwo eni amatero.

Nyengo iliyonse inali ndi odwala ake. Dzinja, anthu ankabwera pa machila, amuna anayi akutsetsereka ndi wodwala pa tinjira toterera, matope mpaka m'mawondo. Nthawi yozizira ankabwera ana achibayo ndi ena ogwera pamoto powotha. Khofi akapsa, chipatala chinkachita zii, aliyense ali kumunda, matenda ankadikira kaye. Ndipo ine ndinkayenda. Njinga kumeneko ndi katundu chabe, ndiye ndinkamanga chikwama cha mankhwala kumsana, ulendo wa kumidzi wapansi. M'maulendo amenewo ndi mmene mbalame zinandilowa m'magazi.

Ndili mwana ndinali ngati iwe Yankho. Mbalame kwa ine inali ndiwo. Ulimbo, legeni, misampha ya mpheta, zonsezo ndinali katswiri. Koma kusukulu ya zachipatala kunali sisitere wina wachizungu, wokalamba, amene ankatiphunzitsa kumanga mabala. Pobwerera kwawo anandisiyira magalasi ake oonera patali, akuti ndinali ndi maso odekha. Tsiku loyamba ndinawalozetsa pa timba, kambalame konyozeka kaja. Ndinaona kadiso kake kakuphethira, kakhosi kakunjenjemera poimba, timizere ta pamsana ngati wina anachita kukhala pansi n'kujambula. Ndinachita manyazi ndi onse aja ndinawotcha. Kuyambira pamenepo magalasiwo sanachoke m'khosi mwanga. A ku Misuku ankawatcha dalubini, mawu a amalonda a ku Tanzania.

Pamwamba pa mapiriwo pali nkhalango ya Mughese. Inu simunaone nkhalango, mumangoona bulugama wa m'mbali mwa msewu. Mmenemo mitengo ndi yaitali moti dzuwa silifika pansi, ndere zili lendelende m'nthambi, madzi akudontha ngakhale kulibe mvula. Ukalowa umayamba kunong'ona wekha popanda wokuuza. Loweruka masana, odwala akatha, ndinkakwera kumeneko.

M'menemo ndinakumana ndi mbalame ina imene kwathu kulibe, ndipo dzina lake la Chichewa sindinalipeze mpaka lero. Kukula kwake ngati njiwa. Msana wobiriwira wonyezimira, mchira wautali wa mizeremizere, koma pamimba, ana inu, kufiira kuti psuu! Ndi yamanyazi. Imatera pa nthambi n'kukufulatira, n'kungoti phee, ungadutse pansi pake osaiona. Koma mvula ikayandikira yamphongo imalira, hu, hu, hu, hu, kuyambira pansipansi kumka nikweza. Ndinaphunzira kuitsanzira ndi likhweru, manja nditawapinda pakamwa chonchi. Ikamva imayesa yabwera inzake yodzalanda malo, ndiye imabwera kudzaona. Tsiku loyamba limene inandiyankha n'kudzatera pamwamba panga, ndinafika kunyumba ndikuvina. Agogo anu anangoti, "Ndiye mwabwera nayo kuti tidyere?"

Tsopano ndikuuzeni za a Kayuni. Iwowa anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, mlimi wa khofi, komanso mkulu wa mpingo. Munthu wamtali, wouma, wosaseka wamba, chipewa chili pamutu nthawi zonse. Sanali woipa mtima, koma lamulo ankaligwira ndi manja awiri. Inu simudziwa za khadi la chipani. Popanda khadilo sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Tsiku lina a Kayuni anaimika anyamata awo a malaya ofiira pakhomo pa chipatala kuti aziona makhadi a odwala. Ine ndinatuluka nditavala gauni yanga yoyera.

"A Tcheyamani," ndinatero, "malungo safunsa khadi. Amene wadwala alowe."

"Yayi, adokotala," anayankha m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. "Lamulo ni lamulo. Imwe mwabwera kuzachiza, osati kuzatisambiza ndale."

Ndinapsa mtima, ndinayankhula zambiri, pamaso pa anthu. Anyamata aja anachoka, koma kuyambira tsikulo ine ndi a Kayuni tinkapatsana moni wa pakamwa pokha.

Malo amene mbalame ija inkakonda anali kumapeto kwa nkhalango, pa kamtunda koyang'ana chigwa cha Songwe. Tsidya lake ndi Tanzania. Ine kupusa kwanga, sindinaganizeko. Masiku amenewo wailesi inkangonena za zigawenga zimene zinathawira kunja, akuti zikufuna kulowa m'dziko kudzera kumalire. Ndiye taganizani, munthu wobwera, wokangana ndi chipani, waima pa phiri la kumalire, dalubini ili m'maso, akuimba likhweru, kenako kuchokera m'tchire china chake chikumuyankha. Anyamata a malaya ofiira anandiona kangapo nthawi ya mvula yoyamba. Ine osadziwa kanthu.

Nkhani za boma zimayenda pang'onopang'ono. Dzinja linatha, chimanga chinauma, kunayamba kuzizira. Agogo anu anali ndi pathupi pa amayi anu, patakula ndithu. M'mawa wina wa mwezi wa Julaye, ndikutsuka bala la mayi wina, ndinamva landirova ikulira pa chitunda. Kumeneko galimoto ikamveka aliyense amadziwa ya ndani, koma iyi sitinaidziwe. Munatsika amuna awiri osavala yunifolomu. Wamkuluyo anavala jekete lakuda, ndipo Chichewa chake chinali cha kwathu kuno. Pambuyo pawo panali a Kayuni.

"Malizani balalo, adokotala," anatero wajeketeyo mwaulemu. "Kenako mutenge bulangete."

Bulangete! Ana inu, aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Munthu akauzidwa kutenga bulangete sankabwera madzulo. Kunalibe khoti, kunalibe loya. Ena ankatuluka patapita zaka, mano atatha, ena osatuluka n'komwe. Mkazi ankamutulutsa m'nyumba ya boma, abale n'kumaopa ngakhale kumupatsa moni. Ndinayang'ana kunyumba kwathu, agogo anu ataima pakhomo, dzanja lili pamimba. Ndinaopa, ana inu.

Ndinamanga bala lija. Kenako ndinafunsa mlandu wanga.

"Mumalankhula ndi ndani kutsidya?"

"Ndi mbalame, bwana."

Mnzake uja anaseka. Wajeketeyo sanaseke. Ndinafotokoza zonse, msana wobiriwira, mchira, mimba yofiira, kalilidwe kake. Odwala onse anali atatuluka panja, ndi owadikirira omwe, kumvetsera ali chete. Nditamaliza, wajeketeyo anati:

"Chabwino. Tiyeni mukaiitane. Ikabwera, ife tibwerera tokha."

Mbalame ija nthawi yozizira silira, siyankha, imangobisala. Ndinayesa kunena zimenezo, iye anati, "Ndiye kuti nyengo ya anzanu a kutsidya yatha?"

Tinakwera phiri. Sindinaitane munthu, koma pocheuka ndinaona mzere wautali kumbuyo kwathu. Amayi atasiya madengu a khofi m'minda, ana kumsana, madala ndi ndodo zawo, ngakhale bambo wina amene ndinali nditangomuchotsa dzino, akugwira tsaya. Agogo anu nawonso, ndi mimba yawoyo, namwino atawagwira mkono. Alendo aja nsapato zawo zinali za mu ofesi, ankaterereka n'kumatukwana chapansipansi.

Titafika pa kamtunda kaja, nkhungu inali isanachoke bwino m'mitengo. Wajekete anandilanda dalubini n'kupatsa a Kayuni. "Inu ndi amene munabweretsa nkhaniyi. Yang'anani ndinu."

Ndinapinda manja, ndinaimba. Milomo inali gwa, likhweru linatuluka ngati la mwana wophunzira kumene. Ndinanyambita milomo, ndinaimbanso. Hu, hu, hu, hu. Nkhalango ili zii. Madzi okha akudontha m'masamba. Ndinaimba mpaka masaya anawawa, ndikupemphera mumtima kuti Mulungu amene munalenga kanthu aka, kauzeni kabwere kamodzi kokha. Kutali kunalira khwangwala, basi. Wajekete anayang'ana wotchi yake, kenako anayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kupisa dzanja m'thumba. Ndinamva kulira kwa unyolo.

"Iyo!"

Anali a Kayuni. Dalubini ili m'maso, chala chikuloza m'mwamba mwa mtengo waukulu.

"Iyo apo! Yafika nadi! Yofiira pa nthumbo, pamimba apa!"

Ndinayang'ana kumene ankaloza. Ana inu, maso anga nthawi imeneyo ankaona nsabwe pa nkhuku ya kwa aneba. Pa nthambi ija panalibe kanthu. Masamba ndi ndere basi.

Panapita kamphindi. Kenako mayi wina wachikulire kumbuyo anakuwa, "Eee, ndayiwona!" Wina naye, "Iyo, yatembenuka!" Basi phiri lonse linayamba kuiona. Uyu akuti mchira wake taonani, uyo akukweza mwana kuti aone bwino. Bambo wa dzino uja analoza ndi dzanja limene linali pa tsaya. Agogo anu, amene moyo wawo wonse sanasiyanitsepo pumbwa ndi mpheta, ndi amene anakuwa kuposa onse.

Wajekete analanda dalubini n'kuika m'maso. Sankadziwa kuti pali kagudumu kopotokola kuti uone bwino, ndipo palibe anamuuza. Anafufuza uku ndi uku. Anthu amvekere, "Kumanja, bwana! Pamwamba pachoko! Aaa, yaduka, yawuluka, yapita!" Onse anatembenuza mitu pamodzi kutsatira chinthu chimene kunalibe.

Anatsitsa magalasi aja pang'onopang'ono. Sanali chitsiru munthu uja, ndinaona m'maso mwake. Anayang'ana khamu lonse, anayang'ana tcheyamani wa chipani amene anali mboni yake yekhayo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Adokotala, ndi imeneyo?"

Ine pa nkhani ya mbalame ndinali ndisananamepo. Ndikaona ndimati ndaona, ndikakayika ndimati sindikudziwa.

"Ndi yomweyo, bwana."

"Mwamwayi," anatero. Anakoleka dalubini yanga m'khosi mwake. "Izi tisunga ife. Ndipo likhweru kumalire kuno lithe."

Magalasi a sisitere aja anapita choncho, sindinawaonenso. Anandiwawa, osanama, mpaka lero amandiwawa. Koma madzulo a tsikulo ndinadya kunyumba kwanga, ndipo amayi anu pobadwa ndinali pakhomo pa chipinda ndikuyendayenda ngati bambo wina aliyense.

Za tsiku lija palibe anazitchulanso. Anthu ankabwera kuchipatala, "Mwaghona, adokotala," ine "Ndagha," basi. Masiku amenewo zinthu zotere sunkazikamba ngakhale ndi mkazi wako panja. A Kayuni tinkakumana kutchalitchi, moni wa pakamwa uja, iwo n'kuyang'ana kumbali. Ine kunkhalango ndinasiya kupita. Ndinkangomvera mbalame za pabwalo la chipatala, ndipo ndi mmene ndinaphunzirira kuzidziwa ndi makutu, luso limene likundithandiza lero maso atachita chifunga.

Tinakhala choncho mpaka kunatentha, mitambo inayamba kusonkhana, anamzeze anabwera. Loweruka lina masana ndikutseka chipatala, ndinapeza a Kayuni ataima pansi pa mtengo, ali okha, opanda anyamata awo. Ndinayesa adwala.

"Yayi, ndili makora," anatero. Anazungulitsa ndodo yawo m'dothi kanthawi. "Adokotala, ine ndinangoyowoya pa msonkhano ku Boma. Ndinali na ukali chifukwa munandichititsa soni pa wanthu. Ndimayesa azamukalipirani waka. Unyolo ula ndinauwona mu galimoto tikubwera. Para mukanapita, kuno akanabwera njani? Kuno wanthu amakana kubwera."

Mkwiyo umene ndinausunga miyezi yonseyo ndinaufunafuna, osaupeza bwino.

"Sono pali chinthu chimodzi," anapitiriza. "Ine ndine mulala wa mpingo. Ndinayimirira pamaso pa boma na pamaso pa Chiuta, ndinati ndayiwona. Mgonero wafika kawiri, ine osadya. Ndikuti mundiperekeze. Ndikayiwone nadi, utesi wanga, bodza lija, umale."

"A Tcheyamani, likhweru analetsa."

"Amene amapereka lipoti ndine," anatero. Aka kanali koyamba kuona mano awo.

Tinakwera awiriwiri. Sitinapite ku kamtunda ka kumalire, tinalowa mkati mwenimweni. Kunali kotentha, kukununkhira mvula. Ndinawauza akhale pa chitsa, asagwedezeke, asatsokomole. Ndinapinda manja n'kuimba. Ndisanamalize n'komwe, yankho linabwera kuchokera kumunsi. Ndinaimbanso. Kenako kanthu kanadutsa mwakachetechete n'kutera pa nthambi yapafupi, pafupi moti magalasi sakanafunika.

Inatifulatira, monga mwa khalidwe lake. Msana wokha, wobiriwira, ukunyezimira. A Kayuni anandiyang'ana ngati akufunsa kuti kodi ndi yomweyi. Ndinawakodola kuti adikire. Inapendeketsa mutu, kufunafuna mdani wake. Kenako inadumpha n'kutembenuka, chifuwa chonse poyera.

Ndinamva mkulu uja akukoka mpweya. Anavula chipewa, chimene sindinawaonepo atavula kunja kwa tchalitchi, n'kuchiika pa bondo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ndi misozi. Kenako anaomba m'manja pang'onopang'ono, mopanda phokoso, monga amachitira polonjera munthu wamkulu, n'kunong'ona:

"Mwachedwa chomene, adada. Munthu wanu akanapita."